Bambo ali kunkhondo ku Congo, pakhomo ndiyendetse bwanji ndekha?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu. Wamkulu ali Fomu 2, wachiwiri Sitandade 3, wamng'ono ali ndi zaka ziwiri. Bambo a kunyumba ndi msilikali ndipo patha miyezi iwiri chinyamukireni kupita ku Congo. Tikukhala nyumba ya lendi ku Zomba. Anandisiyira khadi la kubanki, munda wa ekala imodzi kumudzi kwawo, ndi nyumba yomwe timamanga, imene inaimira pa mawindo. Vuto ndi loti alamu anga akuti khadi likhale ndi iwo, ati mkazi sangayang'anire amisiri. Apongozi nawo amaimba sabata iliyonse kufuna ndalama poganiza kuti madola ayamba kale kubwera. Foni ya bambo imatha masiku anayi osapezeka, tulo sindikupeza. Ndiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi katundu amene mwasenzayu. Ndi wolemera ndithu, koma ndi wotheka kunyamula, ndipo amayi ambiri a ku mabaraki a asilikali a Cobbe, Kamuzu ndi Moyale adutsamo kuyambira 2013, pamene asilikali athu anayamba kupita kum'mawa kwa Congo pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa pansi pa bungwe la United Nations. Bambo anakusiyirani khadi, munda ndi nyumba chifukwa anaona kuti mungathe. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa zambiri zimene ndinene zatsamira pamenepo.

Tiyambe ndi foni, popeza ndiyo ikukulandani tulo. Msilikali amene ali pa ntchito ya mtundu uwu amatha kutuluka mu kampu masiku angapo kukayendera madera a kunkhalango komwe kulibe netiweki. Nthawi zina akuluakulu amalamula kuti mafoni azimitsidwe kuti adani asadziwe komwe gulu lili. Kukhala chete masiku anayi, ngakhale sabata, n'chinthu chozolowereka. Sindikunamizani kuti kulibe zoopsa. Mu November 2018 tinataya asilikali 6 pafupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu January 2025 enanso anafa pa nkhondo yolimbana ndi gulu la zigawenga la M23 cha ku mzinda wa Goma. Koma dziwani ichi: msilikali akavulala kapena akatisiya, uthenga umadzera kwa akuluakulu a ku baraki, ndipo ndiwo amafikira banja. Choncho pitani ku batalyoni ya bambo, mukafunse kuti ndi ofesala uti mwa amene atsala yemwe akuyang'anira mabanja a anthu amene apita. Tengani nambala yake, tenganinso ya m'busa wa asilikali, muzilembe papepala osati mufoni mokha. Mukasamuka nyumba kapena kusintha nambala, adziwitseni tsiku lomwelo. Mukamva mphekesera pa WhatsApp kuti ku Congo kwavuta, imbirani anthu awiriwo basi, osamangozungulira m'magulu mpaka mbandakucha.

Pali mbava zimene zimadyera pa mantha omwewa. Munthu amaimba usiku, akudzitcha Kaputeni kapena dokotala, akutchula dzina la bambo molondola, n'kunena kuti avulala ndipo pakufunika ndalama msanga pa Airtel Money kapena Mpamba kuti ndege iwanyamule. Ena amati bambo atumiza katundu amene wakanirira pa boda ndipo mulipire msonkho. Gulu la nkhondo silipempha mkazi wa msilikali ndalama zochizira mwamuna wake. Dulani foniyo, imbirani ofesala uja. Ngati wina akulemba uthenga pa nambala yachilendo akudzitcha kuti ndi bambo, mufunseni funso limene mumadziwa awiri nokha, monga dzina la amene anakuphikirani pa chinkhoswe. Nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya foni musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku banki. Ndipo dzina ndi malo a bambo mbavazi zimazitola pa Facebook, ndiye zithunzi zawo atavala yunifolomu, dzina la kampu ndi tsiku lobwerera musamaziike poyera. Muuzenso mwana wa Fomu 2 uja, poti ana ndiwo amafulumira kuonetsa anzawo.

Tsopano ya alamu. Apa musalimbane nawo nokha, chifukwa mukatero nkhani isanduka yoti mkazi wadzikuza mwamuna atangochoka. Mawu ayenera kuchokera kwa mwini wake. Foni ikangopezeka, pemphani bambo ajambule mawu awo pa WhatsApp, anene momveka zinthu zitatu: amene asunge khadi ndi inu, amene ayang'anire nyumba ndi munda ndi inu, ndipo amayi awo azilandira ndalama zakutizakuti pa tsiku lakutilakuti mwezi uliwonse. Uthengawo autumize kwa inu, kwa alamu, ndi kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ankhoswe muwadziwitse panopa zinthu zisanafike poipa, ndiyo ntchito yawo. Alamu musawatsekere kunja kotheratu. Apatseni mbali yooneka, monga kuyendera munda kapena kupita nanu pokagula malata, ndipo muziwathokoza pamaso pa anthu. Munthu amene wapatsidwa ulemu kawirikawiri amasiya kulimbirana khadi. Akapitiriza kukakamiza, kapena akayamba kutenga katundu wa pakhomo, auzeni ankhoswe ndi ofesala wa ku baraki, ndipo zikafika poopsezana pitani ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit.

Za apongozi, mankhwala ake ndi ndalama yokhazikika. Kupereka K5,000 lero, K10,000 mawa malinga ndi kulira kwa foni kumatha ndalama zambiri, komanso palibe amene amakhutira. Gwirizanani ndi bambo kuchuluka kwake, muzitumiza tsiku limene malipiro alowa, pa foni kuti pakhale umboni, ndipo uthenga wotsimikizira musaufufute. Mukatumiza, imbani n'kunena kuti, "Amayi, ya mwezi uno ndi imeneyo, mwana wanu wapereka moni." Pa matenda ndi maliro pokha ndi pamene mungawonjezere. Muwauzenso mwaulemu kuti chimene chikulowa panopa ndi malipiro omwe aja a masiku onse.

Mawu amenewa akhudza inunso. Pakhomo payende ndi malipiro a pamwezi okha. Alawansi ya ku Congo musaiwerengere mpaka itafika m'manja, paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mabanja ambiri a asilikali amagwa apa. Mayi amatenga katapila, kapena katundu wa ngongole m'sitolo, ati tidzabweza bambo akabwera. Ngongole ya katapila ikamachuluka ndi theka mwezi uliwonse, K100,000 imakhala itadutsa K300,000 pakutha miyezi itatu. Tsiku lobwerera nalo silodalirika. Goma itagwa m'manja mwa M23 kumapeto kwa January 2025, bwalo la ndege linatsekedwa, ndipo asilikali a bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa la SADC, kuphatikizapo athu, anadikira miyezi asanatuluke pamsewu kudzera ku Rwanda kupita ku Tanzania. Ngati bambo anati abwera mwezi wakuti, inu konzekerani ngati achedwa ndi miyezi itatu.

Gulani kope la chikuto cholimba, likhale la pakhomo basi. Tsamba lakumanzere muzilemba zolowa, lakumanja zotuluka, tsiku ndi tsiku, ngakhale K500 ya tomato. Malisiti muzimata kumapeto. Kope ili likuthandizani kuona komwe ndalama ikuthawira, koma ntchito yake yaikulu ndi kukutetezani. Tsiku lina wina adzanena kuti munadya ndalama za m'bale wawo, ndipo simudzafunika kulumbira, mudzangotsegula kope. Kumapeto kwa mwezi jambulani masambawo mutumizire bambo.

Malipiro akalowa, tsiku lomwelo chotsani lendi, mayunitsi a ESCOM, madzi ndi ya apongozi. Fizi imabwera katatu pachaka, ndiye gawani ya teremu imodzi m'zigawo zinayi, muziika chigawo chimodzi pambali mwezi uliwonse, mu akaunti ina yomwe mulibe khadi lake m'chikwama. Ikaninso pambali ndalama ya mwadzidzidzi, yokwanira galimoto yopita kuchipatala usiku ndi mankhwala, ndipo ikhale yosakhudzidwa. Chotsalacho chigaweni m'masabata anayi. Osatapa zonse kamodzi, chifukwa ndalama imene ili m'nyumba imamva fungo la mlendo aliyense. Ngati muli mu banki mkhonde, pitirizani kuponya masheya, koma musatenge ngongole yaikulu popanda bizinesi yoti ibweze. Funsaninso bambo ngati pali ngongole ya kubanki kapena ya ku SACCO imene ikudulidwa pa malipiro awo, kuti mudziwe chenicheni chimene chizilowa. Onani tsiku lothera ntchito lomwe lalembedwa pa khadi. Likatha bambo ali kutali, banki sidzakupatsani lina chifukwa akaunti si yanu. Njira yake ndi yoti bambo azisamutsira ndalama ku akaunti yanuyanu kudzera pa foni, kapena alamule banki kuti izitero yokha mwezi uliwonse. Ngati mulibe akaunti, katseguleni sabata ino ndi chiphaso chanu cha unzika.

Pa nyumba ija ndikulangizani kuti musathamange. Ndalama ya malipiro siingakwanitse kudyetsa ana ndi kumaliza nyumba nthawi imodzi. Koma khoma loima pa mawindo likasiyidwa pamvula, makamaka ngati njerwa zinamangidwa ndi dothi, madzi amalowa pamwamba n'kulifewetsa. Phimbani pamwamba pa makoma ndi pepala lapulasitiki lakuda, mutsindire ndi njerwa, ndipo kumbani ngalande kuti madzi asadikhe m'mbali mwa maziko. Ndalama ikapezeka, gawo loyenera kutsatira ndi kufikitsa khoma pa lintala ndi kuthira bimu yozungulira nyumba yonse, chifukwa ndiyo imamanga makoma pamodzi. Konkire yake ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala ya kwale, ndipo izithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Mmisiri akamathamangira kuchotsa matabwa mawa lake, mukanizeni.

Mmisiri muzigwirizana naye mtengo wa gawo limodzi lokha, molemba, pali mboni. Kumupatsa ndalama zonse poyamba ndiko kumuthamangitsira ku ntchito ina. Perekani kachigawo koyambira, zotsala akamaliza ndipo mwaona ndi maso. Zipangizo muzigula nokha. Simenti muziitulutsa mowerenga m'mawa, madzulo akubwezereni matumba opanda kanthu, chiwerengero chifanane. Simenti si yogula n'kusunga: ikakhala miyezi yoposa itatu, kapena ikagona pansi pa chinyezi, imauma n'kuchepa mphamvu. Ngati mukufuna kusunga ndalama m'katundu poopa kugwa kwa kwacha, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, gulani malata, mafelemu a zitseko ndi zitsulo, musunge kwa munthu wodalirika pamalo ouma, mulembe m'kope. Fufuzaninso mapepala a poloti. Kalata yogulitsirana, umboni wa amfumu kapena wa khonsolo, zonse zijambuleni pa foni ndipo mapepala enieniwo akhale ndi inu.

Munda wa kumudzi ndi wovuta kuuyang'anira muli ku tauni, ndiye werengerani bwino musanalowetsepo ndalama. Ekala imodzi ya chimanga imafuna mbewu pafupifupi makilogalamu 10, thumba limodzi la feteleza wokulitsa wa NPK ndi limodzi la Urea wobereketsa. Mizere italikirane masentimita 75, phando ndi phando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chikangomera, sabata isanathe. Wobereketsa atsatire patapita masabata atatu, m'munda mutapaliridwa, nthaka ili yonyowa, ndipo akwiriridwe chifukwa Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa. Masiku awiri othira fetelezawo mukhalepo nokha. Feteleza wotumiza pa minibasi nthawi zambiri amathera theka m'munda mwa wina, ndipo mudzadziwa mu February chimanga chitachita chikasu. Aganyu muziwalipira pa mizere imene yatha, osati pa tsiku. Wina aziyang'ana kunsonga kwa chimanga kawiri pa sabata ngati muli mbozi, ndipo zikaoneka afunse mlangizi wa zaulimi wa m'deralo msanga. Ngati mukuona kuti ulendo ndi aganyu zidya ndalama zoposa zokolola, limani theka la ekala bwinobwino, theka linalo mubzale soya kapena mtedza zomwe sizilira feteleza wambiri. Palibe manyazi pamenepo.

Mukakolola, chimanga chiume mpaka chizithetheka mukachiluma, ndiye muthire mankhwala a anankafumbwe kapena musunge m'matumba a PICS osalowa mpweya, omanga bwino mkati monse. Kuti mudziwe matumba ofunika pachaka, lembani tsiku limene mwatsegula thumba ndi tsiku limene latha. Apongozi apatseni gawo lawo pa nthawi yokolola, poyera, lotsala libwere ku Zomba.

Pali nkhani ina imene anthu amaiopa ngati kulosera tsoka, koma ndi ya chikondi pa ana. Funsani bambo kuti pa mafomu a kuntchito analemba ndani ngati wachibale woyamba kudziwitsidwa ndi wolandira ndalama zawo. Asilikali ena analemba amayi awo kapena mchimwene pamene ankalowa ntchito ali anyamata ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, n'kuiwala kusintha atakwatira. Ngati mayina a inu ndi ana mulibe, apemphe akuluakulu awo komweko kuti akonze. Sonkhanitsani mu envulopu imodzi ya pulasitiki kalata ya ukwati, ziphaso za kubadwa za ana, fotokope ya chiphaso cha bambo ndi nambala yawo ya usilikali. Ukwati wa kwa ankhoswe ndi wovomerezeka pa lamulo la maukwati la 2015, koma pepala limafupikitsa mikangano, ndiye ngati mulibe funsani ku ofesi ya DC. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, imatseka pakamwa anthu ambiri. Mukafuna uphungu wa zamalamulo koma mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau.

Ana nawo akumva kusowa kwa bambo, aliyense mwa njira yake. Wa zaka ziwiri angayambe kukakamira pamsana kapena kulira usiku. Pitirizani kupita naye kusikelo, agone m'neti, ndipo akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Dziwiranitu woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto mmodzi wodalirika amene angadzuke usiku, ndi mnansi amene angatsale ndi ana enawo. Wa Sitandade 3 muuzeni zoona zochepa: adadi ali ku ntchito yoteteza anthu ku Congo, ali ndi anzawo ambiri, abwera ntchito ikatha. Musamulonjeze tsiku. Makanema a mitembo amene amayenda m'mafoni asawaone. Wa Fomu 2 ndiye wofunika diso, chifukwa pa msinkhu umenewu mwana amayesa malire akaona kuti bambo kulibe. Malamulo a pakhomo akhale omwe aja, nthawi yofikira panyumba isasinthe. Musamusenzetse udindo wa bambo, ndipo madandaulo anu a alamu musamakhuthulire iye. Kum'mawa kwa Congo nthawi ndi yofanana ndi ya kuno, ndiye bambo akapeza mpata madzulo, mwana aliyense alankhule nawo payekha ngakhale mphindi ziwiri. Netiweki ikavuta, mawu ojambula amafika bwino kuposa kuimba.

Polankhula ndi bambo, musabise nkhani zazikulu monga matenda, maliro kapena ngongole. Akadzamva kwa ena zimapweteka kwambiri. Koma sankhani nthawi. Funsani kaye ngati ali pa mpumulo, chifukwa munthu amene akunyamuka ndi mfuti m'mawa safunika kugona ndi mkangano wa pakhomo m'mutu. Miseche nayo idzabwera, kuno ndi uko. Wina adzawauza kuti anakuonani pa njinga ya mwamuna wakuti. Njira yabwino ndi kukhala poyera: amisiri ndi aganyu muzikumana nawo masana, kumalo a ntchito, pali munthu wina, ndipo maulendo anu bambo aziwamva kwa inu poyamba.

Inuyo musadziiwale. Kusowa tulo pa miyezi yoyambirira kumachitika kwa ambiri. Zimitsani data ikakwana 9 koloko usiku, siyani foni yotsegula kuti oimba akupezeni. Idyani ngakhale chilakolako palibe. Pezani amayi awiri kapena atatu amene amuna awo anapitako kale, ndipo musasiye kupita ku mvano, ku dorika kapena gulu lililonse la kumpingo kwanu. Koma ngati padutsa masabata awiri mukulephera kugona, kudya kapena kugwira ntchito, mtima ukungothamanga, mukulira kosalekeza, kapena mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi ogonetsa, pitani kuchipatala mukafotokoze momwe mwandifotokozera ine. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo musakhale nokha. Ku Zomba komweko kuli Zomba Mental Hospital, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God. Kumeneko amathandizanso anthu a nkhawa ngati yanuyi.

Konzekeraninso kubwera kwawo, chifukwa nako kuli ndi zake. Mudzakhala mutazolowera kulamula zonse, iwo adzafuna malo awo. Sabata yoyamba apumule, alendo achepe. Kenako khalani pansi ndi kope lija, muwaonetse zonse, ndipo ndalama za ku Congo musazikhudze mpaka mutagwirizana awiri chochita nazo, abale asanayambe kufola pakhomo. Pitani limodzi mukayezetse magazi, monga amachitira banja lililonse limene latalikirana nthawi yaitali, popanda kulozana chala. Ena amabwera akudzidzimuka ndi phokoso la chitseko, akulota zoopsa, akupsa mtima msanga kapena akungokhala duu. Musawakakamize kufotokoza zimene anaona. Zikapitirira mwezi, kapena mowa ukachuluka, lankhulani ndi m'busa wa asilikali kapena dokotala wa ku chipatala cha ku baraki kuti awaone. Akayamba kukuopsezani kapena kukweza dzanja pa inu kapena pa ana, chokani ndi anawo mupite pamalo otetezeka kaye, kenako dziwitsani ankhoswe, akuluakulu awo ndi a Victim Support Unit.